Ulendo wa Aphunzitsi Kukaona Mdzukulu

Aphunzitsi anali atapuma pa ntchito, koma dzinalo linawakanirirabe. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo chimene chinkawasangalatsa chinali mabuku a nthano, makamaka zimabuku zikuluzikulu zoti ukagona utaziika pachifuwa umadzuka ukubanika.

Mwana wawo wamkazi anali namwino kudziko lakutali. Tsiku lina anaimba foni kunena kuti wawagulira tikiti ya ndege, apite akaone dziko, akaonenso mdzukulu amene anali atangobadwa kumene.

"Mwavutika mokwanira, Amayi. Bwerani mudzapumeko."

Sabata yomweyo Aphunzitsi anapita kwa bambo wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo ya nsapato, n'kumuuza kuti akufuna nthano yochitikira mumzinda umene mwana wawo ankakhala. Bamboyo anafukula m'katoni n'kutulutsa chibuku chong'ambika chikuto, chonunkha chinyezi. Inali nkhani ya banja lina lokhoma maboti m'mbali mwa mtsinje wodutsa pakati pa mzindawo, kuyambira agogo mpaka zidzukulu. Podikira mapepala a ulendo anawerenga bukulo lonse, n'kuliyambiranso. Ankadziwa kuti ukawoloka mlatho wakale n'kukhotera kumanzere umafika pamsika wa nsomba, ndipo kuseri kwake kuli kanjira kamiyala kumene mwana womaliza wa banjalo anakanidwa ukwati. Mng'ono wawo ankawaseka kuti iwo anafika kale, ndegeyo ingokatula thupi.

Nyumba ya mwana wawo inali pamwamba penipeni pa chinyumba chosanjikizana, kunja kwa mzinda. Windo la chipinda chawo linkayang'ana poimika magalimoto ndi migolo ya zinyalala, ndipo pambali pa bedi lawo panali kabedi ka khanda. Kutacha, mwana wawoyo anawaonetsa mabotolo a mkaka, matewera ndi mabatani a makina ochapira, kenako anavala yunifolomu n'kutuluka. Mkamwini, dalaivala wa galimoto yonyamula katundu, anali atatuluka kale.

Loweruka loyamba Aphunzitsi anafunsa za mtsinje, anauzidwa kuti aliyense watopa, sabata yamawa. Sabata yamawayo khanda linali ndi chimfine. Inayo mkamwini anaitanidwa kuntchito. Kenako kunayamba kuzizira. Tsiku lina anadzilimbitsa mtima, n'kufunditsa khandalo, n'kutsika nalo mpaka pokwerera basi, koma anabwerera poona kuti sakudziwa basi yoti akwere. Mwana wawo atamva anakalipa ngati akukalipira wantchito: akanasochera bwanji, mwana akanadwala bwanji. Kuyambira pamenepo kiyi amene ankasiyidwa pambedza kuseri kwa chitseko sanaonekenso.

Lamlungu lina kunabwera mnzake wa mwana wawoyo, namwino mnzake. Aphunzitsi ali kukhitchini kutsuka mabotolo, anamva mlendoyo akunena kuti pakhomopo ndi amwayi, iye wolera ana amamumalizira malipiro onse.

"Nanga ukuganiza kuti ndinawaitaniranji?" anatero mwana wawo, ndipo onse awiri anaseka.

Aphunzitsi anamaliza kutsuka, n'kuyanika mabotolo bwinobwino. Mlendo atapita, anafunsa mofatsa ngati chimenecho n'chimene anabwerera. Mwana wawoyo analira. Anafotokoza za lendi, za mashifiti, za miyendo yake yotupa, ndipo zonsezo zinali zoona.

"Ndiye mukufuna ndijombe kuntchito chifukwa cha mtsinje wa m'buku, Amayi?"

"Ayi, mwanangu. Ukanangondiuza kuti ukufuna wolera mwana. Ndikanabwerabe."

Mkamwini, pofuna kuziziritsa zinthu, anati malo okhomera mabotiwo anagwetsedwa kale, pano pali maofesi, palibe chimene aphonya. Aphunzitsi anamuthokoza.

Tsiku lobwerera, popita kubwalo la ndege, galimoto inalowa mumsewu wapansi pa nthaka wokhala ndi magetsi achikasu. Atatuluka mbali inayo, mkamwini anatembenuka akumwetulira n'kunena kuti mtsinje wawo uja angoudutsa kumene, unali pamwamba pa mitu yawo.

Kunyumba, mng'ono wawo anawalandira ndi mafunso ambirimbiri. Aphunzitsi anangoti kumeneko makina ochapira amaumitsanso zovala, n'kupempha madzi osamba.

Chaka chisanathe foni inaliranso. Mwana wawo anali ndi pakati pena, ndipo ulendo uno analankhula mosazungulira kuti akufuna wolera ana. Aphunzitsi anali atakonza kale yankho lawo lokana, koma asanatsegule pakamwa foni inapatsidwa kwa mdzukulu, amene anapumira m'foni kwakanthawi n'kunena kuti, "Agogo."

Aphunzitsi anafunsa kuti mwana winayo adzabadwa mwezi uti, n'kutuluka kukapempha mng'ono wawo kuti adzawasungirenso nyumba.