Nsapato Pakhutu

Dzina loti Kalilole anamupatsa chaka choyamba, tsiku lomwe mphunzitsi wa masamu anachedwa kubwera m'kalasi. Iye anangonyamuka n'kukaima kutsogolo, n'kutsokomola kawiri mmene bamboyo ankatsokomolera asanafunse funso lovuta, kenako n'kupukutira choko pa thalauza lomwe sanavale. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni linkangomveka tsiku la mayeso.

Luso lakelo sanachite kuphunzira. Munthu akacheza naye kanthawi, Kalilole ankachoka atamutola zonse: kayendedwe, kakandidwe ka khosi, ngakhale malo amene munthuyo amapumira pakati pa mawu.

Chaka chachiwiri anamuika chipinda chimodzi ndi Asisi. Asisi anali mayi wamkulu ndithu, amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki zaka zambiri asanabwerere kusukulu, ndipo ku hositelo konse kunalibe wolimba mtima wowatchula dzina. Kwawo anasiya mwana wamwamuna wa zaka zitatu m'manja mwa mng'ono wawo. Chipindacho chinali chopanikiza: mabedi awiri, tebulo limodzi la mwendo waufupi, ndi chingwe cha zovala chochokera pazenera kukafika pa msomali wa kuchitseko. Wina akamavala, mnzake ankayenera kukwera pabedi.

M'mawa uliwonse Asisi ankamukoka chala cha kumwendo.

"Dzuka iwe. Sewero silidzakulembera mayeso."

Kalilole atalephera mayeso apakati chifukwa chokhalitsa kokonzekera zisudzo, Asisi sanamulalikire. Anangokoka tebulo lija n'kuliika pakati pa mabedi, n'kuyamba naye masamu kuchokera pa tsamba loyamba. Kwawo Kalilole anali woyamba kubadwa, wozolowera kudzutsa ena. Aka kanali koyamba kuti wina azimusungira madzi otentha.

Dzuwa likamalowa foni ya Asisi inkalira. M'kalasi mayiyu ankayankhula ngati akuwerenga chigamulo cha kukhoti, koma foniyo ikangofika pakhutu mawu awo ankaonda n'kukwera m'mwamba.

"Halo, bwana wanga. Bwana wa amayi ndani? Ndi iweyo? Wadya zonse kapena wagawirako mphaka?" Foni ankaipanikiza ndi phewa, manja ali kalikiliki kupaka mafuta ku zidendene. "Nanga kupoti wapita? Chachikulu kapena chaching'ono? Chachikulu! Amayi akukuwombera m'manja, wamva?"

Ndipo ankawombadi m'manja, manja amafutawo. Kalilole ankakhala ali gone pabedi lake, buku lili kumaso.

Gulu la zisudzo linkasankha anthu okapikisana ndi makoleji ena. Tcheya wa gululo, mnyamata wa chaka chomaliza amene ankavala sikafu ngakhale kutenthe bwanji, anati aliyense akadzionetse yekha pamaso pa anthu Lachisanu masana, ndipo holo ndiyo idzaweruze. Kalilole analibe nkhawa. Anakwera pa nsanja, natsokomola kawiri.

Anaseka anthu ochepa, ambiri a iwo a chaka choyamba. Anapukutira choko pa thalauza. Kumbuyo wina anayasamula mokweza mwadala.

"Zakale izo, mayi. Kulibe zina?"

Anayesa mayi wa ku kafeteriya wopakula ngati akutapa m'thumba mwake. Nayonso anthu anali ataiona kale. Pamzere wakutsogolo Tcheya anawerama n'kuyamba kuseweretsa foni. M'mutu mwa Kalilole munalibe munthu wina aliyense amene sanamugulitsepo kale, kupatula mmodzi.

Anakhala pampando, navula nsapato yakumanzere, naiika pakhutu, naipanikiza ndi phewa. Anakweza mwendo n'kuyamba kupaka chidendene.

"Halo, bwana wanga."

Mawuwo anatuluka athunthu, osasowa kanthu. Holo inayamba yakhala chete, kenako inaphulika. Pofika pa "chachikulu kapena chaching'ono" anyamata ena anali atakwera pamipando, Tcheya akupukuta misozi ndi sikafu. Kalilole anawonjezera za mphaka, anapsompsona nsapato, anawomba m'manja. Sanatchule dzina la munthu, ndipo ali pansanja pomwepo anadziuza kuti sanatchule dzina la munthu. Koma atsikana a ku hositelo kwawo anali atatembenuka kale, akukodolana, akuloza ndi milomo cha ku khomo lam'mbali.

Kumeneko kunali Asisi. Iwo amene sankapita ku zochitika zilizonse za pasukulu, amene ankati holo ndi ya anthu opanda ana, tsiku limenelo anabwera. Anakhala pa mpando wakumapeto, buku lili pamiyendo. Anthu akuwomba m'manja nawonso anawomba, pang'onopang'ono, maso ali pa bukulo.

"Walowa," anatero Tcheya kuseri kwa nsanja. "Koma ukabwere ndi imeneyi. Ya aphunzitsi ija ukaisiye kwanu."

Kalilole anavala nsapato yake. Inali yofunda.

Sanapite kuchipinda msanga. Anazungulira ku bwalo la mpira, anakhala pa benchi ya kunja kwa laibulale, anawerenga zidziwitso zonse za pa bolodi kuphatikizapo za anthu otaya makiyi. Atalowa anapeza Asisi akupinda zovala.

"Wachita bwino," anatero Asisi osatembenuka. "Anthu aseka."

"Asisi, ine..."

"Madzi ako ali mu fulasiki."

Foni inalira. Asisi anaiyang'ana, naitenga, natuluka nayo panja, natseka chitseko bwinobwino.

Pofika Lolemba mawu aja anali atasanduka moni wa sukulu yonse. Munthu akatuluka m'chimbudzi anzake ankamufunsa. Mphunzitsi akalengeza mayeso, wina kumbuyo ankafunsa ngati ndi chachikulu kapena chaching'ono. Ku kafeteriya Kalilole anaima pamzere kumbuyo kwa Asisi, pakati pawo pali anthu atatu okha, pamene mnyamata wina wa ndevu zongomera kumene anawagwadira pang'ono.

"Amayi, lero bwana wachita chiti?"

Asisi anatambasula mbale yawo, analandira chakudya, anathokoza wopakula, napita kukakhala poyang'ana khoma. Mnyamatayo ataona Kalilole anamutambasulira dzanja kuti agundane zibakera. Anthu anali akuyang'ana. Kalilole anagunda.

Masamu sanaime. Tebulo linkabwerabe pakati pa mabedi, Asisi ankalozabe ndi kumbuyo kwa cholembera pomwe walakwitsa. Koma ankangonena za manambala. Sankanenanso kuti mwana waphunzira mawu atsopano, sankavulanso wigi Kalilole ali m'chipinda, ndipo mafuta a zidendene ankakapakira kubafa. Kalilole akadakonda kutukwanidwa. Anakonza mawu opepesa m'mutu kangapo, koma nthawi iliyonse akawayesa ankawamva ngati a sewero, ndipo ankadziwa kuti Asisi nawonso adzawamva choncho.

Madzulo ena anapita kukanula zovala kuseri kwa hositelo, kumene kuli zingwe ndi thanki ya madzi. Ali pakati pa mashiti awiri a bedi anamva mawu a Asisi. Anali ataima kuseri kwa thanki, nsana uli kunjira, akuyankhula motsitsa ndi mawu awo a m'kalasi.

"Wadya? Chabwino. Uziwamvera anti." Anakhala chete kumvetsera. "Ayi, amayi sakudwala. Sanakwiyenso. Wangomva choncho." Anamvetseranso. "Eya, ndamva kuti wapita. Wachita bwino. Ayi, lero sindiwomba m'manja, ndanyamula zinthu."

M'manja mwawo munalibe kanthu kupatula foniyo. Kalilole anaima pomwepo ndi mapegi m'dzanja mpaka Asisi atachoka. Zovala anaziiwala pachingwe.

Atalowa m'chipinda anakhala pansi penipeni, pakati pa mabedi, pomwe pamakhala tebulo.

"Asisi, ndinalakwa. Ndikhululukireni."

Asisi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Dzuka pansipo, ukuda siketi."

"Sindinkadziwa kuti mubwera."

"Ndikanapanda kubwera zikanakhala bwino?"



"Sunandinamizire," anatero Asisi. "Ndinadziona ndekha. Ngakhale chidendene unayamba ndi chakumanzere, ngati ine. Mng'ono wanga akanakhalapo akanaseka mpaka kugwa." Anavalanso magalasi. "Chondiwawa n'chakuti ukamakhala chete pabedipo ndinkaganiza kuti ukuwerenga. Ndinkatsitsanso mawu kuti ndisakusokoneze. Kani unkawerenga ine."

"Sindinkachita dala. Zimangolowa zokha."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukukwiyira. Koma munthu amafuna pamalo pamodzi pomwe angakhale chitsiru popanda womuona. Ine panga panali pano."

Panjira ya m'hositelo munadutsa atsikana akukoka masilipasi, akukangana za amene watha madzi otentha.

"Ndisiya gululo," anatero Kalilole. "Ndikamuuza Tcheya mawa. Kumpikisanoko sindipita."

"Usayerekeze. Ukasiya adzati Asisi amuletsa, ndiye andipatse dzina lachiwiri. Loyambali likundikwanira. Pita, koma ukapeze munthu wina. Anthu ndi ambiri pasukulu pano."

"Nanga inu?"

"Ndalankhula ndi a metironi oyang'anira hositelo. Pansi pali chipinda cha mayi wina wophunzira unamwino, mnzake anasamukira kunja. Nayenso ndi mayi, ali ndi ana awiri. Akuti amaimba nawo pafoni nyimbo za kusukulu yamkaka, ndiye tizikasinthana manyazi."

Kalilole anafuna kunena kuti azituluka yekha foni ikalira, kuti azitseka m'makutu, kuti alumbira. Koma ankadziwa makutu ake, ndipo Asisi ankawadziwanso.

"Masamu sitisiya," anatero Asisi. "Mayeso ali pafupi ndipo iwe sunafike. Uzibwera ku laibulale Lachiwiri ndi Lachinayi."

Ku laibulale, kumene anthu salankhula. Kalilole anagwedeza mutu.

Asisi anasamuka Loweruka m'mawa, nthawi yomwe aliyense amakhala pakhonde ndi ndowa ndi sopo. Katundu wa Asisi sanali wambiri, koma sutikesi yawo inali yakale, yachitsulo m'makona, yodzaza mabuku. Anaigwira awiri, Asisi kutsogolo, Kalilole kumbuyo. Pa masitepe panali atsikana atakhala akumasulana tsitsi, ndipo anachita kufinyikira kukhoma kuti awapatse njira. Mmodzi anatsegula pakamwa, maso akuwala kale ndi nthabwala, koma anayang'ana sutikesi, anayang'ana Kalilole, n'kutseka. Palibe anafunsa kanthu. Aliyense ankadziwa amene akusamuka ndi chifukwa chake, ndipo Kalilole anatsika masitepe onse pakati pa mawondo awo, chogwirira chikumudula zala.

"Kweza mbali yakoyo," anatero Asisi. "Ukundigwetsera ine."

Anakweza.

Mayi wa unamwino anawatsegulira chitseko ali ndi chipewa chosambira kumutu. Analandira Asisi ngati m'bale, anawaonetsa bedi, msomali wa thaulo, ndi soketi yomwe imagwira ukaipendeketsa. Kenako anamuyang'ana Kalilole kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu ndiye wa zisudzo uja?"

"Ndi mng'ono wanga wa kumtunda," anatero Asisi. "Wangondithandiza kunyamula."

"Aa, chabwino. Ikani pomwepo, mwana wanga, tikoka tokha."

Kalilole anatsitsa sutikesi pakhomo. Mayiyo anali ataima pakati pa khomolo, akumwetulira mwaulemu, dzanja lili pa chitseko, akudikira.

"Zatsala ndowa ndi mapilo," anatero Kalilole.

"Ndikatenga ndekha masana," anatero Asisi kuchokera mkati. "Pita ukawerenge mutu wachisanu. Lachiwiri ndidzayambira pamenepo."

Chitseko chinatsekedwa. Kalilole anaima pang'ono akutikita zala zake zomwe zinali zitachita mizere yofiira, kenako anatembenuka. Njira yobwerera inali yomweyo, ya pa masitepe.