Anasudzula Mkamwini, Kunabwera Mlendo

Anthu akamasimba za malo amene anakaona amatchula kutali, wina Joni, wina Zanzibar. Ine Gerevazio ulendo umene ndimaunyadira ndi wa pa kabaza, kuchoka kwathu ku Mayani kukafika pa phiri la Mphunzi, ndipo ndinauyenda chifukwa cha mkwiyo.

Ku Mphunzi ndinakhalako zaka makumi atatu ndi zinayi pachikamwini. Ndinakwatira Kristina, n'kumalima munda wa kwawo, nyumba n'kumanga pa dothi la kwawo. Kumtunda kwa mudziwo kuli matanthwe amene anthu akale anajambulapo zithunzi, zina zofiira, zina zoyera. Eni mudzi ankangodutsapo popita ku nkhuni. Ine wobwera ndi amene ndinadabwa nazo, ndipo alendo atayamba kufika ndi makamera, wowaperekeza ndinali ine. Njira ndinalambula ndekha ndi chikwanje. Buku limene alendo amalembamo mayina ndinabwera nalo ndine.

Kristina ankakwera nane nthawi zina, atasenza chimanga chophika. Pali chithunzi china choyera, chotambasula miyendo, chimene ndinkauza alendo kuti ndi buluzi. Ndikangotero, iye ankatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinamufunsa kambirimbiri chimene ankaseka.

"Ndi za kuchinamwali zimenezo, bambo," ankatero. "Inu zipitirizani ndi buluzi wanuyo."

Anamwalira osandiuza.

Chaka chitatha, abale ake anandikhazika pamphasa kuti andisudzule. Mwambowo sindilimbana nawo: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Chimene chinandilasa mtima ndi mawu amene anawonjezera alamu anga a Bonifasio, mlongo wake wa Kristina.

"Khasu lanu ndi wailesi tengani. Buku la alendo musiye. Phirili ndi la mbumba yathu, alendo ndiziperekeza ndekha. Ndipo tisadzakuoneninso mukuzungulira kumtundako ngati n'kwanu."

Ndinakhala miyezi isanu ku Mayani, pakhomo pa mchemwali wanga, ndikukupiza mkwiyo mumtima ngati mbaula. Manda a mkazi wanga sanandiletse kuwaona. Koma ine Kristina sindinkamukumbukira kumanda. Ndinkamukumbukira pa thanthwe lija, akuseka. Kodi ndimwalire osapondakonso chifukwa cha Bonifasio, munthu amene phiri ankalidziwa pokumba mbewa basi?

Loweruka lina mu Juni ndinavala jekete ya ku tchalitchi, chipewa, ndi magalasi akuda obwereka. M'manja ndinatenga botolo la madzi, monga amachitira alendo onse. Ndinatsika pa kabaza m'munsi mwa phiri nkhungu isanathe, n'kupeza minibasi itaima. Inabweretsa aphunzitsi asanu ndi mmodzi ochokera ku Lilongwe. Wowatsogolera anali mayi wina wamtali, a Sandra. A Bonifasio anali pansi pa mtengo wa msuku, buku langa lili m'khwapa. Atandiona nkhope inagwa.

"Alamu, si tinakusudzulani inu?"

"Munasudzula mkamwini," ndinayankha. "Lero kwabwera mlendo. Bwerani nalo bukulo ndilembe."

"Musayambitse zinthu pamaso pa anthu."

"Pali lamulo loti anthu a ku Mayani asaone zithunzi? Azungu a ku Jeremani aziona, ine wa pompano ayi?"

A Sandra, osadziwa kumene nkhani ikuchokera, anati, "Aa, asiyeni agogowa akwere nafe, njira ndi imodzi." A Bonifasio anandipatsa buku. Pa dzina ndinalemba Gerevazio. Pa kochokera ndinalemba Mayani, zilembo zikuluzikulu. Pa ndemanga ndinasiya kaye.

Ndinayenda kumbuyo kwenikweni, manja kumsana, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene sanaonepo mtengo. Njira yanga inali itawirira. Pa mphambano ya pa mwala wong'ambika a Bonifasio anakhotera kumanzere, kumene kumathera pa phompho. Ine ndinangotsatira. Mlendo adziwa bwanji njira? Tinabwerera onse, aphunzitsi akudandaula ndi chisoso m'masokosi, mlamu wanga thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Kunena zoona, ndinakondwa.

Titafika pa thanthwe chimwemwe chija chinandithera. Minda ya kachewere inkaoneka m'munsi monga kale, ndi denga la nyumba imene ndinamanga. Kamwala kamene Kristina ankakhalira kanali pomwepo. Ndinavala bwino magalasi aja kuti anthu asaone maso anga.

Mphunzitsi wina anadandaula kuti zithunzi zofiira sizikuoneka bwino pa foni. A Bonifasio anati, "Dikirani, pali nzeru yake." Anatsegula chigubu cha madzi n'kuchikweza kuti awaze pa thanthwe. Apo ndi pamene ndinaona mizere ya madzi itauma pa zithunzi ziwiri zakumapeto, utoto utasuluka. Wakhala akuchita zimenezi miyezi isanu yonse! Zithunzi zimene zapirira zaka zosawerengeka chifukwa mvula siifika pansi pa thanthwelo, iye akuzisambitsa ngati mwana.

Zoti ndine mlendo ndinaziiwala. Ndinalumpha n'kumugwira dzanja, chigubu n'kugubuduzika kutsetsereko.

"Mukawaza madzi lero ziwala, mawa zifufutika! Mudzawaonetsa chiyani adzukulu a Kristina, mwala wosalala?"

A Sandra anatiyang'ana mosinthanasinthana. "Kodi bambowa ndi ndani?"

A Bonifasio anayang'ana pansi. "Anali mkamwini wathu. Ndi amene ankaperekeza alendo kale."

"Ndiye tafotokozani inuyo, bambo. Ichi choyerachi, cha miyendo chonchi, n'chiyani?"

Ndinafuna kukana, koma pakamwa panayankha pokha monga mwa zaka zonse. "Ameneyu ndi buluzi."

A Sandra anayang'ana mnzawo wamkazi. Kenaka anakoka nsonga ya chitenje n'kutseka pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinakhala pa kamwala ka Kristina n'kulira poyera, jekete ya ku tchalitchi ili m'thupi, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Potsika a Bonifasio anatsalira dala kuti tiyende limodzi. Analankhula motsitsa mawu.

"Alamu, zija tinakamba pamphasa zikhoza kukambidwanso. Bukuli tengani. Muziperekeza ndinu, mwina pakhomo tikupezerani kachipinda."

Miyezi isanu ndinkalota mawu amenewa. Koma nditawamva ndinaona msampha wake. Woperekeza alendo amaikidwa ndi eni phiri, ndipo tsiku limene adzatope naye adzamuyalira mphasa ina. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chabwino. Koma ndani anathamangitsapo mame kuti asagwenso mawa?

"Bukulo sungani," ndinatero. "Njira mulambule, pa mwala wong'ambika muzikhotera kumanja. Mukasowa chonena muzindifunsa ndikabwera."

"Mukabwera?"

Tinali titafika pa msuku paja. Ndinatenga buku m'khwapa mwawo, n'kutsegula pa dzina langa. Pa ndemanga alendo amalemba kuti malo okongola, zikomo kwambiri. Ine ndinatsamiritsa buku pa bondo n'kulemba mosathamanga, a Bonifasio akuwerenga pa phewa langa:

"Woperekeza sadziwa njira. Asathirenso madzi pa zithunzi. Ndibweranso Loweruka, ndi Loweruka linalo, kudzaona buluzi wa mkazi wanga."