Nyimbo ya Adada Sinali Papepala

Ndinayala mapepala khumi ndi anayi pamphasa, pambali pa mtedza umene adada ankasankha ndi dzanja lamanzere.

"Taonani, adada," ndinatero monyadira. "Ndikhoza kukuuzani lero nyimbo zimene a Ziphaliwali adzaimbe ku Lusaka mwezi wamawa, ngakhale chaka chamawa."

Ziphaliwali ndi gulu la nyimbo za roko limene adada, a Danwell, anayambitsa ndi anzawo ku Mphamba ine ndisanabadwe. Anaimbamo gitala zaka makumi atatu, mpaka sitiroko inawapha dzanja lamanja. Gululo linapitiriza maulendo popanda iwo. Asanakwere pansanja, woimba wawo, a Haswell, amalemba mndandanda wa nyimbo n'kuumata pansi pafupi ndi phazi lawo. A Mathews a ng'oma ankanditumizira zithunzi za mapepalawo pafoni, ine n'kumakopera. Ndine mphunzitsi wa Chinyanja, choncho nyimbozo ndinazichonga ngati mayeso a ana.

"'Njinga ya Taizya' ili papepala lililonse, imeneyo siingafe," ndinafotokoza. "'Fodya Wapsa' amaiimba kumene kuli alimi okha. Ku Lusaka siikafika."

"Nanga 'Faides Dikila'?" anafunsa adada osadzutsa mutu.

Imeneyo anaipeka akufunsira malemu amama, a Faides. Ndinayendetsa chala pamapepala onse, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Palibe, adada. Malinga ndi mapepalawa, imeneyo sidzaimbidwanso."

Ndinayankhula ngati ndikuwerenga zotsatira za mwana wa eni. Adada anatola kamtedza kofota, n'kukaponyera nkhuku.

"Wofota amataya, Keziya. Pa Chiwelu uyende wekha."

Loweruka limenelo gululo linali ndi chionetsero chotsanzikira pabwalo la pafupi ndi msika wa Lundazi, ndipo adada anali atachapitsa kale jekete yawo yachikopa.

Lachinayi ndinapalasa njinga kukafika kuchigafa cha fodya kumene gululo limayeserera. Ndinapeza a Haswell akulumikiza waya wa sipika ndi mano.

"Monire, ankolo."

"Monire, aticha! Mwabwela kutichonga?"

Sindinaseke. Ndinawaonetsa mapepala aja, ndipo ndinafunsa chifukwa chimene anatayira nyimbo ya mnzawo akadali moyo. Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana wa Danwell, sukulu yakuononga! Mathews, bwela umve! Ati Faides tinamutaya!"

"Koma papepala palibe, ankolo."

"Ungalembe bwanji chinthu chamene sudziwa nthawi yake? Mvela. Ku Petauke malaiti yanayenda pakati pa nyimbo. Magitala zii. Anthu anayamba kutola miyala. Uyu Mathews, na mantha, anangoyamba ng'oma ya Faides, pakuti ija siifuna malaiti. Bwalo lonse linaimba! Kuchokela apo, malaiti yakayenda, ni Faides. Pa mapepa yako aya, tamuimba pafupifupi ponse."

Ndinapalasa kubwerera kunyumba mokondwa, n'kufotokoza zonse zimene ndinamva. Koma adada anangopukusa mutu.

"Haswell ni wabodza kuyambila ku unyamata. Wakunyengelela cabe."

"Ndiye tiyeni mukawagwire bodza lawolo," ndinatero.

Loweruka m'mawa ndinapeza jekete ija ili pampando.

Chionetsero chinayamba dzuwa litapendeka pang'ono. Tinakhala pabenchi kutsogolo, adada atagoneka ndodo yawo pamiyendo. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo n'kudzaima m'mbali mwa bwalo. Inayamba "Njinga ya Taizya", monga ndinalosera. Inatsatira "Fodya Wapsa", alimi n'kukuwa. Kulosera kwanga kunkayenda bwino, koma sindinakondwe nako. Chibadwire ndinali ndisanapemphererepo kuti magetsi azime. Tsiku limenelo ndinapemphera, ndipo magetsi, amene amatizunza sabata yonse, anakhazikika ngati abwera kudzamvera nawo.

Nyimbo yomaliza papepala inatha. A Haswell anagwada pang'ono kuthokoza anthu. Adada anayamba kufufuza pogwira kuti adzuke.

"Tiye, Keziya," anatero motsitsa.

Pamenepo a Haswell anatembenuka, nayenda pang'onopang'ono kupita kuseri kwa masipika. Anawerama, bwalo lonse likuona, n'kuzula waya wamkulu wa magetsi. Anabwerera kutsogolo atanyamula wayawo m'manja.

"Aa, pepani anthu a Mulungu," anakuwa ndi mawu okha. "Malaiti yayenda!"

Kutsidya kwa msewu wailesi ya ometa tsitsi inali kulirabe. Anthu anaseka, ndipo a Mathews anagunda ng'oma katatu. Amayi a tomato ndiwo anayambitsa, kenaka anyamata a njinga zakabaza, kenaka bwalo lonse, mpaka dzina la amama linamveka kumsika konse.

Adada sanaimbe nawo. Anakhalanso pansi, maso ali pa a Haswell. Dzanja lamanja linali gone pabondo monga mwa masiku onse. Koma lamanzere linali litagwira ndodo ija chakukhosi, ndipo zala zinayi zinkayenda pamtengopo, kukwera ndi kutsika, chilichonse chikudinda pamalo pake.