Kapeti ya Pamwamba pa Khomo

"Chotsani mapoto anuwo, achemwali, penti iwadonthera," anatero Rawda ataima pakati pa bwalo, manja ali m'chiuno, magalasi akuda atawakweza pamwamba pa mpango ngati kuti mpangowo ndiwo unali ndi maso.

Hindiya anachotsa mapotowo. Anali mapoto a malemu mayi awo, ndipo ankakhala pangodya imeneyo kuyambira Rawda asanamere mano. Koma masiku ano amene wabwera ndi ndalama ndiye amadziwa pokhala mapoto.

Rawda anali mng'ono wake wa Hindiya. Anachoka kwawo ku Harar, mzinda wakale wozunguliridwa ndi linga, ali kamtsikana, amalume awo atamutengera ku Canada. Kumeneko anaphunzira, anakwatiwa, ukwati unatha, ndipo tsopano anali atabwera kudzakonza nyumba ya makolo awo, imodzi mwa nyumba zakale zija za mkati mwa linga. Hindiya ndiye anatsala. Anadwazika bambo mpaka kuwaika, anadwazika mayi mpaka kuwaika, ndipo mvula iliyonse ankayala mabeseni pansi pa denga lodontha. Ming'alu ya m'makoma ankaimata ndi manja ake Ramadani isanafike. Palibe ndi mmodzi yemwe anaimapo panjira kuyamikira zimenezo. Koma Rawda atangoitana amisiri, denga litasinthidwa, makoma atayera ndi njereza, kanjira konse kanayamba kunena kuti "nyumba ya Rawda."

Zinamuwawa Hindiya, tisabise. Zinamuwawa ngati dzino.

"Mwachita mwayi, Hindiya," anatero Fatuna, mayi woyandikana nawo, atasuzumira pachipata. "Mng'ono wotereyu sapezekapezeka."

"Ndithu sapezeka," anayankha Hindiya. "Ifenso tinamufunafuna pa maliro a mayi, sanapezeke."

Fatuna anaseka kuseka kwa munthu amene watola nkhani yokagulitsa, nabweza mutu wake.

Komabe nyumba inali nkhani yaing'ono. Chimene chinkamudya Hindiya usana wonse chinali Maftuh, kalipentala amene Rawda anamulemba kuti akonze chitseko chachikulu chozokota. Maftuh anali bambo wofatsa, wa ndevu zoyamba imvi, ndipo mkazi wake anamwalira kalekale. Kwa zaka zambiri ankabwera pakhomopo kudzakonza zenera limene silinawonongeke. Ankamwa khofi wa Hindiya, kuyamikira, kuyang'ana m'mwamba monga achitira amisiri onse, kenako n'kutsazika. Hindiya ankamufuna. Sanauzepo munthu, koma ankamufuna, ndipo ankadziuza kuti tsiku lina bamboyo adzatsegula pakamwa.

Pakamwapo panatsegukadi, koma panatsegukira Rawda. Munthu amene ankawerenga mawu ngati mankhwala tsopano ankacheza mpaka kuiwala chisele m'manja. Hindiya akakhala kukhitchini ankawamva akunong'onezana pakhomo, Rawda n'kumaseka kuseka kwake kwa kunja kuja, koonetsa mano onse. Iye akatulukira, onse awiri ankangoti zii.

"Pitirizani, musandione ine," ankatero. "Ine ndine wa khofi chabe."

"Timakamba za matabwa, achemwali."

"Eya, matabwa a masiku ano ndi oseketsa."

Tsiku limene amisiri a penti anamaliza chipinda chachikulu, Hindiya anapita kumsika. Pobwera anapeza nsengwa za mayi zitabwezeredwa pakhoma, mbale zili m'timapanga take ta m'khoma, pansi pakunyezimira penti yofiira. Anati atembenuke kuti atseke chitseko, maso ake anagwera pa kathandala ka pamwamba pa khomo. Panali kapeti yatsopano, yokulungidwa bwino, imodzi.

Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa chimene kapeti ya pamenepo imanena. Imauza aliyense wolowa kuti m'nyumba muno muli mwana wamkazi woti n'kufunsiridwa. Pa kathandalako panakhalapo kapeti ya Hindiya zaka ndi zaka, mpaka inatuwa ndi fumbi, alendo n'kumaiyang'ana mwachisoni. Chaka chimene mayi anagwa m'matenda, Hindiya anakwera pampando naitsitsa yekha, chifukwa manyazi anali atamukwana.

"Yakhala bwino, eti?" anafunsa Rawda, akupukuta m'manja.

Hindiya anamuyang'ana mng'ono wakeyo, khungu losalala, zibangili zagolide, fungo la mafuta okwera mtengo. Anaganiza mumtima kuti: wakonza nyumba, tsopano watchera msampha, ndipo nyama yake ndikuidziwa. Akanafunsa funso limodzi lokha nkhani ikanathera pomwepo, koma nsanje ikagwira munthu, chinthu choyamba kufa ndi mafunso.

"Yakhala bwino," anatero. "Siikhalitsa pamenepo, ndikuona."

"Mulungu akalola," anayankha Rawda akumwetulira.

Lachisanu amuna atatuluka mumzikiti, pachipata panamveka kugogoda. Anali mayi Amatula, azakhali ake a Maftuh, nkhalamba yoyenda ndi ndodo imene anthu ankaiopa kuposa apolisi. Anali atavala zovala zawo za paukwati, ndipo m'khwapa anapanira mtolo wa chati, masamba aja amatafuna akuluakulu, atakulungidwa m'masamba a nthochi. Hindiya atangouona mtolowo, anadziwa chimene wabwerera. Chati wobwera choncho sakhala wongotafuna. Banja likaulandira, ndiye kuti lavomera mbeta.

"Mtendere ukhale pakhomo pano," anatero mayi Amatula. "Rawda alipo? Ndi amene ndikufuna. Iwe mwana wanga, katikazingire khofi, usafulumire."

Hindiya anapita kukhitchini ngati mwana wotumidwa, m'nyumba imene anaisesa moyo wake wonse. Anaika chiwaya pamoto, koma makutu anawasiya kuchipinda chachikulu. Mawu ankafika modukaduka.

"Mwana wathu Maftuh mwamuona, manja ake ndi amenewo pachitsekopo... sasuta, sayendayenda... ati kuyambira tsiku limene analowa muno n'kuona pamwamba pa khomo, tulo sakulipeza..."

Rawda anaseka. Kuseka komwe kuja.

Khofi anapserera m'chiwaya mpaka utsi unadzaza khitchini, Hindiya osaona. Ankaona denga, makoma, dzina la nyumba, zonse zitapita, ndipo tsopano munthu mmodzi yekhayo amene anamusungira malo mumtima. Anadziona akuphika mpunga wa paukwati wa mng'ono wake, anthu n'kumamuuza kuti wachita mwayi. Anaponya chikombe pansi, natulukira m'chipinda chachikulu maso ali psu.

Mtolo unali pakati pa awiriwo, Rawda atatambasula kale manja. Hindiya anautola nauika pamiyendo pa nkhalambayo.

"Tengani masamba anu, mayi."

"Achemwali!" anakuwa Rawda.

"Khala chete iwe. Muno wamkulu ndine, ngakhale penti sinagulidwe ndi ine. Mayi, m'nyumba muno mulibe wokwatiwa. Kapeti iyo ndi yokongoletsa chabe, anthu akunja amapachika chilichonse chimene chawakongolera m'maso. Mukamuuze Maftuh kuti ngati akufuna Canada, akafunsire ndege."

Mayi Amatula sanakweze mawu. Anamuyang'ana Hindiya kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatola ndodo yawo, naimirira pang'onopang'ono.

"Chabwino, mwana wanga. Ndikanamva kwa wina ndikanati bodza. Koma ndamva kuchokera pakamwa pa mwini wake." Anapanira mtolowo m'khwapa natuluka, ndodo ikugogoda pamiyala ya m'kanjira.

Rawda anavula magalasi aja pamutu nawaponya pakhushoni.

"Mwapenga kodi? Mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndikudziwa. Nyumba watenga, tenga. Nsengwa za mayi wazipachika m'mene wafunira, ndakhala chete. Anthu akuti nyumba ya Rawda, ine amene ndinkakinga madzi a mvula ndi beseni muno ndasanduka wantchito. Koma uyu ayi. Ukamufune wako kwanu kozizirako."

"Wanga? Achemwali, inu amene mumandiseka tsiku ndi tsiku kuti ndinaiwala mwambo, tandiuzani. Kodi kapeti amapachikira mkazi amene analowa kale m'banja n'kutulukamo?"

Samupachikira. Hindiya ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense m'kanjirako.

"Muno mtsikana ndi mmodzi, ngakhale ali ndi imvi," anapitiriza Rawda. "Azakhali aja anaitana ine chifukwa mbeta siifunsidwa pamaso, amafunsa abale ake. M'bale wanu amene watsala ndi ndani? Si ine wa Canada yemweyu?"

"Nanga zonong'onezana zija?"

"Ndinamufunsa bambo uja kuti, inu a Maftuh, zenera limodzi mwalikonza zaka zonsezi, vuto ndi zenera kapena ndi inu? Anatuluka thukuta ngati wadya tsabola. Akuti atamaliza kulira mkazi wake anabwera muno ndi mtima wonse, koma atayang'ana pamwamba pa khomo anapeza palibe kanthu. Anati Hindiya watsitsa kapeti, ndiye kuti nkhani ya banja anaitseka, ine ndine yani kuti ndimuvutitse. Ulendo uliwonse ankabwera kudzaona ngati mwaibwezera. Inu mukudikira pakamwa pake, iye akudikira kapeti yanu. Zitsiru ziwiri zokhwima!"

Hindiya anakhala pansi, pa penti yofiira ija. Munthu wina akanagwa m'khosi mwa mng'ono wake n'kulira. Koma Hindiya ndi Hindiya. Chimwemwe chinabwera, inde, koma nsanje inabwera pambuyo pake itangosintha malaya.

"Ndiye kuti ngakhale mwamuna wandikonzera ndiwe," anatero motsitsa. "Monga denga. Monga chitseko. Mawa anthu azidzati Hindiya anakhalira mbeta mpaka Rawda anatsika ndege."

"Azidzatero, nanga n'kuwatseka pakamwa? Ine amanditchula wa Canada ngati ndilibe dzina la bambo. Mayi anatsirizikira m'manja mwanu, ine ndinamva pafoni ndili m'basi. Mukuganiza kuti penti imafafaniza zimenezo? Aliyense ali ndi chomuwawa, achemwali." Rawda anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Koma za ine zisiyeni. Azakhali aja mukuwadziwa. Akakangolowa ndi mtolo uja pakhomo pawo, ngakhale muwatumizire ngamila sadzabweranso. Mwayi wanu ndi woti amayenda ngati nkhono."

Hindiya anayang'ana chipata. Kuti atume Rawda, nkhalambayo sikanamva, pakuti mawu okana anachoka pakamwa pa mwini wake. Anakoka mpango, anaphonya nsapato imodzi, naisiyanso inayo.

Tinjira ta mkati mwa linga sitisunga chinsinsi. Mkazi wamkulu akamathamanga wopanda nsapato Lachisanu masana, zipata zimatseguka zokha. Pamene ankawapeza mayi Amatula akupuma pamwala pafupi ndi ogulitsa zonunkhiritsa ndiwo, kumbuyo kwake kunali kale Fatuna ndi amayi ena amene anakumbukira mwadzidzidzi kuti mchere wawathera.

"Mayi," anatero Hindiya akupuma mwawefuwefu, "ndabwera kudzatenga mtolo uja."

"Mtolo uti?" anafunsa nkhalambayo mokweza, ngati kuti makutu afa lero lomwe. "Uwu? Uwu ndi wa nyumba imene muli wokwatiwa. Kwanu ndamva kuti mulibe."

"Alimo."

"Ati?"

"Ndati alimo, mayi."

"Ndani? Paja mwana wathu munamuuza kuti akafunsire ndege."

Amayi aja anaseka mobisa m'mipango. Hindiya anayang'ana zala za kumapazi kwake, zoyera ndi njereza ya pabwalo, ndipo ananena mawu amene anawasunga zaka zonse zija.

"Ndine. Ndikhululukireni, ndinayankhula ndi mtima wopsa. Wokwatiwayo ndine."

Mayi Amatula anamusiya ataima choncho kanthawi, kuti aliyense amve bwino. Kenako anasolola mtolo m'khwapa naupereka ndi manja awiri.

"Ukamupatse mng'ono wako aulandire mwamwambo. Ndipo khofi wopserera uja ndamumva fungo, kunyumba kwathu usadzabwere naye."

Hindiya anatembenuka ataufungatira mtolowo. Amayi anamupatukira njira, wina anayamba kale nthungululu. Asanafike pokhota anamva mawu a Fatuna kumbuyo, omveka bwino monga mwa masiku onse.

"Koma Rawda uja ndi mwana wodalitsika, anthuni. Wakonza nyumba, wakonzanso mkulu wake."

Hindiya anaima. Yankho linali kale pa lilime, lakuthwa bwino, loti Fatuna akanagona nalo sabata yathunthu. Analimeza, linamukanda pakhosi potsika, ndipo anapitiriza ulendo wopita kunyumba ya Rawda atagwiritsa mtolo wake.