Tameki wa m'Kope la Tawina

Khofi loyamba linamugwetsera Mirriam pamulu wa mbatatesi pakhonde.

"Werenga!" anakuwa Silvester, mng'ono wa malemu mwamuna wake, akumukankhira kope kumaso. "Werenga wekha, mfiti iwe!"

Panali patangopita masiku atatu chiikireni m'manda aphunzitsi a Eliya, omwe anadwala m'mimba tsiku limodzi lokha n'kutisiya. M'mawa umenewo, posanthula katundu wa mkulu wake, Silvester anapeza kope la Tawina, mwana wa malemuwo wa zaka khumi ndi chimodzi. Patsamba lina panalembedwa kuti: "Mayi anathira tameki m'phala la bambo. Bambo anamwa, n'kufa."

"Alamu, tandimvani kaye..."

Anamuponda m'nthiti. Azimayi omwe amatsuka mbale za pamaliro anangoti chilili, thovu lili m'manja.

"Mwana sanama," anatero Veronica, mlongo wa malemu. "Anabwera pachitengwa ameneyu, pano si pake. Anyamuke lero lomwe, azipita kwawo ku Manjawira. Mwana atisiyire."

Silvester analowa m'nyumba, n'kuyamba kuponya panja sutikesi, mapoto, zitenje. Potuluka anali ndi chikwanje.

"Dzuwa likafika pamutu udakali pa Champiti pano, akutola zidutswa."

Apa n'kuti Tawina akuchokera kumjigo. Ataona kope lake pansi, anataya ndowa, n'kuthamangira kuchipinda cha bambo ake. Anatulukako ndi chitini cha mkaka, n'kumugenda nacho Silvester pabondo. Zitsekerero za mabotolo zinamwazika bwalo lonse.

"Bambo aang'ono, tolani zitatu!"

"Iwe, ndikuswa mutu!"

"Tolani!"

Amene anawerama anali Veronica. M'kati mwa chitsekerero chilichonse munali kapepala komata, kolembedwa mawu amodzi.

"Abusa," anawerenga. "Ng'ona. Njinga. Ndiye chiyani?"

"Ndiye mulembe nkhani ya abusa, ng'ona ndi njinga, azakhali. Ndi masewera athu a Loweruka, ana tonse a m'mudzi muno. Umapisa dzanja utatsinzina, zimene watolazo ndi zomwezo, bambo samalola kusintha. Ine ndinatola mayi, tameki ndi phala. Ndikanalemba chiyani?"

"Wakuphunzitsa bodza mayi wakoyu!"

Atatero, Silvester anamugwira mwanayo padiresi, chikwanje chili m'mwamba. Mirriam anakwawa, n'kumukumbatira miyendo mlamu wakeyo.

"Tembenuzani tsamba, alamu," anatero, magazi akuchucha pachibwano. "Mukatero mundiphe."

Silvester anapuma mwawefuwefu. Anamusiya mwanayo, anatola kope, anapanira chikwanje kukhwapa, ananyowetsa chala ndi malovu, n'kutembenuza.

Kuseri kwake kunali inki yofiira, zilembo zopendekera za mkulu wake zimene ankazidziwa kuyambira ali mwana. Pamwamba panali deti la mwezi wa Malichi, chimanga chisanakhwime n'komwe.

"Wakhoza, 7 pa 10. Koma mayiyu akupheranji mwamuna wake? Wowerenga sangavomere imfa yopanda chifukwa. Komanso phala la amayi ako limakoma, ine sindisiya kumwa. Lembanso."

Silvester anawerenga kawiri. Chikwanje chinapulumuka n'kugwera m'fumbi. Sanapepese, ndipo Mirriam sanadikire kuti apepesedwe. Analavula magazi, anaimirira atagwira nthiti, anakoka sutikesi yake n'kuilowetsanso m'nyumba. Palibe anamutsekera njira. Veronica anaika pansi zitsekerero zija mwakachetechete, n'kupita kukathandiza kutsuka mbale.

Tawina anasolola kope m'manja mwa Silvester.

"Lingang'ambike. Sindinamalize ntchito."

Anakhala pakhonde, anatsegula tsamba latsopano, n'kujambula mzere wowongoka m'mbali monga ankafunira bambo ake. Kenako analuma pensulo, kuganizira chifukwa.