Kachitini ka Pamimba pa Amayi

"Chotsa supuni yakoyo, Swalehe. Dzuwa lisanalowe sindimeza kanthu."

Amayi anayankhula atalumanitsa mano, nkhope atalozetsa kukhoma. Unali mwezi wa Ramazani, ndipo khansa inali itachoka m'chiberekero n'kukakhazikika m'mafupa a msana. Mofini wamadzi, mankhwala opha ululu amene tinkatenga kuchipatala, ankafunika kumwa pafupipafupi, koma masana ankamukana. Ashehe anabwera kudzawakumbutsa kuti wodwala sakakamizidwa kufunga, kusala kudya kwa mwezi umenewu. Amayi anayankha mwaulemu: "Wodwala amabweza masikuwo akachira. Nanga ine ndidzabweza liti?"

Ndinali nditasiyira panjira maphunziro a unamwino kuti ndidzawasamale. Zimene ndinabwera nazo kukoleji zinali zochepa, koma tsiku limenelo, kubuula kwawo kutafika mpaka kwa opuntha mpunga kuseri, ndinalephera kugwira pakamwa.

"Amayi, kumaiko akunja kuli kapampu. Madokotala amakaika mkati mwa khungu, pamimba apa. Kamakhala ndi kapaipi kopita mumsana, ndiye mankhwala amadontha okha pang'onopang'ono, ululu n'kuzizira."

"Osadzera pakamwa?"

"Osadzera pakamwa."

Anatembenuka movutikira. M'maso mwawo munali kuwala kumene ndinali nditakuiwala.

"Ndiye kuti kufunga kwanga sikungaonongeke. N'kakakulu bwanji?"

Ndinatola kachitini ka polishi kopanda kanthu pawindo, n'kukagunditsa mmunsi mwa nthiti zawo. "Chonchi."

"Pita ukakatenge, mwanangu."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kuchoka kwa Mwambo mpaka m'tauni ya Zomba, fumbi lili tho m'maso. Dokotala amene ndinamupeza anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi.

"Achimwene, kapampuko nanenso ndinangokaona m'buku, ngati inuyo. Kuno kulibe. Kakanapezeka, kakanafuna opaleshoni, komanso munthu womathiramo mankhwala akatha. Apatseni mofiniyo pa nthawi yake."

"Akufunga."

"Akufunga?" Anavalanso magalasi aja. "Pepani."

Kunyumba ndinapeza amayi atatsamira khoma, atasamba, atavala mpango wawo woyera ngati wodikira ulendo.

"Wabwera nako?"

"Ati kulibe, amayi."

"Ngakhale ku Blantyre?"

Ndinangowerama. Mphepo yochokera kunyanja ya Chilwa inkalowa ndi fungo la matemba oyanika.

"Nanga unandiuziranji?" Sanafunse mokalipa. Bola akanakalipa.

Kuyambira pamenepo sanakatchulenso. Masana ankaluma nsonga ya chitenje, thukuta lili kamukamu, dzanja limodzi ali nalo pamimba. Ine ndinkakhala pakhomo ndi botolo, n'kumayang'ana dzuwa ngati mdani, mpaka kumzikiti aitane. Ena ankamasula kufungako ndi futali, amayi ankamasula ndi mofini.

Anamwalira mwezi wa Idi usanaoneke.

Azakhali anga a Nasra, amene anatsogolera azimayi osambitsa thupi, anatuluka manja akadali onyowa, n'kundikodolera kuseri kwa nyumba.

"Swalehe, mayi ako sankavala zithumwa, tonse tikudziwa. Nanga ichi n'chiyani? Tachipeza chomangidwa ndi kansalu pamimba. Chachita kusiya chidindo pakhungu."

Anatambasula dzanja. Kanali kachitini ka polishi kaja, utoto wa pachivindikiro utafufutika ndi zala.