Maso Ouma a Mana Armanda

Nditangotsika chapa, minibasi ya kwathu kuno, pa Majaua ndinathamanga ngati kamwana, ine mayi wa ana anayi, pepala la kuchipatala lili m'manja. Eee, tsiku limenelo mtima unali mwaa!

Paja a Vasco, mwamuna wa mkulu wanga Armanda amene timawatchula kuti mana, anamwalira nthawi yokolola. Pamaliro mana anabuma mpaka mawu kusasa, koma msozi ndi umodzi womwe sunagwe. Azimayi anaona. Patapita masabata awiri m'miyendo mwawo munatuluka timadontho tofiirira, basi mlandu unathera pomwepo: ati ndi mfiti, adya mwamuna, magazi a malemu akuwatulukira pakhungu. Mlamu wawo Laurindo analamula kuti achoke pamunda ndi ana omwe.

Zamkutu! Munthu woti zaka zitatu satha kumeza chinangwa popanda madzi, m'maso muli ngati mwalowa mchenga, ameneyo akhale mfiti? Ndinawatengera ku Quelimane kukayezetsa magazi, ndipo tsiku limeneli ndimabwera ndi zotsatira.

Ndinapeza achibale a malemu onse pakhonde la apongozi a mana. Mana anali chapatali, pansi.

"Alamu, inu mumadziwa Chipwitikizi, werengani mokweza!" ndinatero ndili wefuwefu.

Laurindo anayamba kudodoma, ine nkumulanda mawu. "Adotolo akuti asilikali a m'thupi mwa mana asokonekera, akumenya thupi lawo lomwe. Awapeza m'magazimo, ndi awa alembedwa apa! Aumitsa kochokera misozi ndi malovu, kenako atupitsa timitsempha ta magazi, ndiye timadontho timeneti. Ndi matenda, anthu inu, ali ndi dzina lake! Sachizika, koma mankhwala ochepetsa kutupa alipo, ndi odontheza m'maso."

"Pepala ndi pepala," anatero Laurindo. "Ife tinaona ndi maso."

Ndinatsala pang'ono kumutukwana, ndikunenetsa. Koma mayi ake a malemu anadzuka, napita pomwe panali mana. Anawagwira chibwano, nawayang'anitsitsa m'maso mofiiramo nthawi yaitali.

"Ndiye tsiku lija unkalira?"

"Ndinkalira, amayi. Mpaka lero ndimalira."

Mayi aja anakhala pansi pomwepo, pafumbi, nawakokera mana pachifuwa.

"Pano sachoka munthu, Laurindo, wamva? Iwe mwananga, tsamira apa. Ndilira ndine za tonse awiri."